Buku Lopanda Pakati

Dzina loti Kamvuluvulu anamupatsa ndi amayi ake omwe, tsiku lina atagubuduza ndowa ya madzi, kuponda mchira wa mphaka ndi kutulukira pakhomo, zonsezo nsapato imodzi ili m'manja. Kusukulu analidula n'kukhala Kamvulu. Anali mtsikana wa kalasi yomaliza, wa miyendo yowonda, ndipo akakhala pa desiki bondo lake linkangodumphadumpha lokha mpaka wokhala naye pafupi kudandaula kuti zolemba zake zikukhota. Aphunzitsi akamutuma choko ankabwera nacho iwo asanamalize kufufuta pabolodi. Koma kumuuza kuti akhale pansi awerenge kunali kumulanga.

N'chifukwa chake anthu anaseka atamva kuti za mabuku wayambitsa ndi Kamvulu.

Zinayamba ndi denga. Mphepo itakanganula malata a laibulale ya pasukulu, mabuku a pa mashelefu a pakona ananyowa. Ena anatupa ngati buledi, ena anachita nkhungu m'mbali. Madamu oyang'anira laibulale anawayanika pakhonde, kenako n'kuwaunjika m'makatoni kuseri kwa chitseko. Kamvulu anawapeza atatumidwa kukatenga tsache.

"Madamu, amenewa akupita kuti?"

"Kudzala. Akubwera atsopano."

"Ndiye tipatseni ife."

Madamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iweyo? Unayamba wamalizapo buku liti?"

"Si ine ayi, Madamu. Kwathu."

Kwawo kunali kutsidya kwa ngalande yaikulu, kumene nyumba zinapanikizana moti wonyamula matiresi ankayenda cham'mbali. Kumeneko kunalibe laibulale, kunalibe sitolo ya mabuku. Pepala lolembedwa limene mwana ankaliona linali lokulungira sopo, kapena kalendala ya chaka chatha yotsekera ming'alu ya pakhoma. Ana ambiri akumeneko ankapita kusukulu ina, yodzaza mpaka pazenera, kumene buku limodzi ankaliunjikira mitu ngati akuotha. Ena sankapita n'komwe.

Madamu anavomera, koma anati pakhale munthu wa mtima wapansi. Anasankha Magalasi, mnyamata wa m'kalasi mwa Kamvulu yemweyo, amene ankawerenga chilichonse, ngakhale zolembedwa pachitini cha penti, ndipo ankayenda ngati wanyamula mazira.

Anabwereka wilibala kwa wosamalira maluwa wa pasukulu. Gudumu lake linkalira njira yonse. Pa matabwa owolokera ngalande Magalasi anafuna kuti atsitse makatoni awolotse imodziimodzi, koma asanamalize kufotokoza Kamvulu anali kale kutsidya, wilibala ndi zonse.

Anakaima pakhomo pa amalume ake a Kamvulu, ometa tsitsi. Kachipinda kawo kanali kamodzi: mpando wochotsedwa m'basi, kalilole wong'aluka pakona, benchi, wailesi, ndi chithunzi chakale cha mametedwe osiyanasiyana chimene dzuwa linachisulukitsa mpaka mitu yonse kufanana.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa amalume, makina ali m'manja, munthu ali pampando mbali imodzi yometedwa.

"Mabuku, amalume."

"Ndikuona, maso ndili nawo. Wakuuza ndani kuti muno ndi m'kalasi?"

"Khoma ili langokhala."

"Likhale! Lakudandaulira?"

Koma Kamvulu anali atatola kale thabwa panja, misomali ili kukamwa, akuyeza pakhoma ndi chikhatho. Munthu wapampando uja anati, "Achimwene, ndimalizeni kaye, mukangana bwino." Amalume anapukusa mutu n'kuyatsanso makina.

"Sabata imodzi," anatero. "Ikatha ndikuyatsira moto."

Sabata inatha, ina inatha. Ana anayamba kusuzumira pakhomo, kenako kulowa, kenako kudzaza benchi mpaka odzameta kumaima panja. Magetsi akazima, amuna odikira ankatola buku mwamanyazi, n'kumati akungoona zithunzi. Magalasi ankabwera akaweruka, kumata misana ya mabuku ndi guluu, kupukuta tsitsi lolowa pakati pa masamba, ndi kuuza ana kuti asanyowetse chala ndi malovu. Kamvulu sankakhala m'menemo ngakhale pang'ono. Ankayenda kalasi ndi kalasi kupempha mabuku akale. Ankagogoda pa mageti a nyumba za mipanda zapafupi ndi sukulu, agalu akuuwa, alonda akumubweza. Akapatsidwa limodzi ankathamanga nalo, kuliponya pa thabwa lija n'kutulukanso. Amayi ake anati mwanayo adzamaliza nsapato za mtundu wonse. M'kati mwa mabukuwo munali chiyani, iye sankadziwa. Zake zinali zakuti achuluke.

Panali limodzi lonenepa kuposa onse, la chikuto chobiriwira chojambulidwa sitima. Tsiku lina Kamvulu atalowa anapeza chikutocho chili pa benchi, chokhachokha, chopyapyala ngati khungwa. Pambali pake panaima Kadazi, kamnyamata kamene amalume ankakameta mpala mwezi ndi mwezi chifukwa cha zipere.

"Zam'kati zili kuti?"

"Zikubwera," anatero Kadazi, maso ali kukhomo.

"Zikubwera? Zili ndi miyendo?"

Anamugwira kolala n'kutuluka naye. Magalasi anawatsatira akupukuta manja aguluu pa kabudula. Anadutsa m'tinjira tokhotakhota, kudumpha madzi otsukira mbale, kuwerama pansi pa zingwe za zovala, mpaka kufika pa bwalo la zipinda za lendi zoyang'anizana ndi mpopi umodzi. Pamenepo Kamvulu anaima chilili.

Buku lija linali paliponse. Mtsikana wina anali nalo pa sitepe, mwana ali kumsana. Anyamata awiri anali nalo pamwamba pa mulu wa njerwa. Mnyamata wamkulu anali nalo atatsamira khoma la bafa. Aliyense anagwira kamtolo ka masamba kopanidwa ndi chopanira zovala.

"Wang'amba ndani?" Mawu a Kamvulu anatuluka opyapyala. "Ndikufunsa, wang'amba ndani? Mukudziwa kumene ndinalitenga? Mukudziwa?"

"Ndadula ine."

Anali amake Kadazi, ogulitsa makala pakhomo pa bwalolo. Anali atakhala pa thumba, manja akuda mpaka m'zigongono, akudzaza makala m'timapepala tapulasitiki.

"Sindinang'ambe, ndadula bwinobwino ndi mpeni, pamsana. Anawa amamenyana. Uyu akuti ndimalize, uyu akuti ndiyambe, wina mphuno magazi. Ndikanawasiya aphane chifukwa cha pepala? Pano aliyense ali ndi chake. Womaliza apatsira mnzake."

Magalasi anatenga kamtolo kamodzi, n'kukatembenuza. "Adula mowongoka ndithu," ananong'ona. "Likhoza kusokedwa."

"Iwe khala chete!" anatero Kamvulu. Ankayendayenda pakati pa mpopi ndi njerwa, osadziwa woti amukalipire. "Chabwino. Sonkhanitsani zonse. Pompano."

Palibe anasuntha. Mtsikana wa mwana kumsana uja anayang'ana pansi.

"Vuto ndi limenelo," anatero amake Kadazi. "Chapakati palibe. Chinasiyidwa pa zenera, bambo a chipinda cha kumapeto uko n'kuyatsira mbaula. Amati ndi nyuzi. Tinatsala pang'ono kuwasamutsa." Anapukuta manja pa nsalu n'kumuyang'ana Kamvulu mwachidwi. "Bola wabwera, mwini wake. Tatiuza. Galu uja anachokera kuti?"

"Galu wake uti?"

Bwalo lonse linayamba kulankhula pamodzi. Amake Kadazi anawatontholetsa ndi dzanja n'kufotokoza okha, pakuti Kadazi ankawawerengera chigawo chilichonse iwo akugulitsa, ndipo nkhaniyo anaisunga pamtima kuposa owerengawo. Munali mtsikana amene bambo ake anapita kukagwira ntchito kutali osabwerako. Iye anathawa kwa azakhali ake, n'kubisala m'bogi ya sitima yonyamula malasha kuti akawafune. Panali munthu wa chipewa chofiira amene ankamusakasaka pa siteshoni iliyonse. Chigawo china chinathera pomwe munthuyo anatseka chitseko cha bogiyo ndi loko, mtsikana ali m'kati, sitima n'kunyamuka kulowera kolakwika.

"Ndiye chotsatira chimene tili nacho," anapitiriza amake Kadazi, "mtsikana ali m'chipatala, mkono womangidwa. Pansi pa bedi pali galu, akuti ndi wake. Ndipo wa chipewa chofiira uja, yemwe uja, akumubweretsera malalanje! Akuseka naye! Zatheka bwanji? Ine dzulo ndinamuthirira munthu makala kawiri chifukwa choganiza zimenezi."

Maso onse anali pa Kamvulu. Anatembenukira kwa Magalasi.

"Ndimadikira kuti libwere," anatero Magalasi. "Sindinaliyambe."

"Nanga iwe?" anafunsa Kadazi.

Kamvulu anamva kutentha m'makutu. "Sindinawerenge."

"Ili lokha?"

Kamvulu anazolika. Mnyamata wa pakhoma la bafa uja anaseka, koma amake Kadazi sanaseke. Anangoti, "Ooo," n'kubwerera ku makala awo. Ooo ameneyo anamutsatira Kamvulu mpaka kunyumba.

M'mawa mwake anafika pa laibulale chitseko chisanatsegulidwe. Madamu anati linalipo limodzi lomwelo, ndipo iwo analiwerenga kalekale, akungokumbukira kuti munali sitima. Anafunsa aphunzitsi ena, anafunsa ana a makalasi onse. Wina anati msuweni wake ali nalo. Atapita anapeza ndi la ndege. Pa masamu anaitanidwa dzina osamva. Pomaliza Madamu anati ayese kwa ogulitsa mabuku akale m'makonde a masitolo m'tauni.

Loweruka anatsuka mbale mothamanga moti amayi ake anazibwereza. Anapita wapansi, akuyenda pang'ono, kuthamanga pang'ono. M'tauni anayamba ndi khonde loyamba. Mabuku a sukulu, mabuku a mapemphero, magazini a madiresi. Khonde lachiwiri chimodzimodzi. Ankafunsa za chikuto chobiriwira chokhala ndi sitima, ogulitsa n'kumamuonetsa china chilichonse chobiriwira. Dzuwa litafika pamutu, pafupi ndi positi ofesi, analiona. Linali pa chiguduli pansi, pakati pa dikishonale ndi buku la kaphikidwe, litakutidwa ndi pulasitiki.

Mwini wake anali bambo wachikulire wa jekete lalikulu, atakhala pa chitini, akutokosa m'mano ndi kamtengo. Kamvulu anagwada n'kutambasula dzanja.

"Ukugula?"

"Ndikungofuna kuona pakati pokha, bambo."

"Pakati pokha! Anzako amafuna kumapeto. Siya. Kuno si laibulale."

Anafotokoza zonse mopupuluma, za denga, za amalume, za mpeni, za mbaula, mawu akupondana. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kusuntha kamtengo kupita mbali ina ya kamwa.

"Nkhani yabwino," anatero. "Siya bukulo."

Kamvulu sanachoke. Anazungulira nsanamira ya khondelo, anapita pa ngodya n'kubwerera, anaima ndi mwendo umodzi, anasintha. Bamboyo ankachita ngati sakumuona. Kenako kumtunda kwa msewu kunamveka likhweru, ndipo ogulitsa onse anadzambatuka nthawi imodzi. Amayi a nthochi anasenza dengu, mnyamata wa malamba anathawa malamba akumukwapula m'miyendo. Lole ya a khonsolo inali ikutsika, anyamata a mayunifolomu atalendewera m'mbali.

Bambo uja anakoka ngodya za chiguduli kuti amange mtolo, koma mabuku anakhuthukira mbali ina. Panalinso katoni kuseri kwa chitini. Manja awiri sakanakwanitsa. Kamvulu sanafunse. Anawola ogwawo n'kuwaponya m'katoni, kuisenza pamutu, n'kufuula, "Kuti?"

"Kanjira ako! Kuseri kwa sitolo ya nsapato!"

Anathamanga. Kumbuyo ankamva jekete likupupuma ndi mpweya wa munthu wamkulu ukulira ngati pampu. Anakhota, anadutsa pa migolo ya zinyalala, anakhotanso, n'kukafika pa kampata kakang'ono konunkha mkodzo ndi zikopa. Bamboyo anafika pambuyo pake, anagwetsa mtolo, n'kukhalapo atagwira pachifuwa.

"Ndimayesa wathawa nayo katoniyo," anatero.

"Ndikanathawa ndi lobiriwira. Lili mu mtolo wanuwo."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Anamasula mtolo, anapeza bukulo, anachotsa pulasitiki mosamala n'kumupatsa. "Usapinde msana. Usanyowetse chala."

Kamvulu anakhala pa katoni. Anafufuza mpaka kupeza pa loko paja. Mzere woyamba anauwerenga bwino. Wachiwiri maso anadumphira kumunsi kwa tsamba, n'kupeza sakumva kanthu, n'kubwerera. Bondo linkadumpha, buku n'kumagwedezeka. Analipanikiza ndi chigongono. Ntchentche inamutera pamphumi. Wina anatsegula chitseko cha kuseri kwa sitolo n'kutaya madzi. Anayambiranso pamwamba, chala chili pansi pa mawu ngati mwana wa kalasi yoyamba. Ankadziuza kuti asunge chilichonse, chifukwa amake Kadazi adzafunsa.

M'bogi muja munali mdima, ndipo mtsikana anamva chinthu chikupuma pakona.

Kuchokera pamenepo Kamvulu sanaionenso ntchentche. Bambo uja atanena kuti lole yapita, abwerere pakhonde, anaimirira buku lili kumaso, n'kuyenda pambuyo pawo akupunthwa. Katoni anainyamula okha. Pakhonde anatsamira nsanamira. Mthunzi unachoka pa iye, dzuwa linamuwotcha phewa, iye osasuntha. Galuyo anali wa mlonda wina wa pa mgodi amene anamwalira, ndipo kuyambira pamenepo ankakwera sitima iliyonse kufunafuna mbuye wake. Wa chipewa chofiira sanali wapolisi kapena wakuba ana. Anali wokonza njanji, mnzawo wa bambo ake a mtsikanayo, ndipo anatseka bogi ija poganiza kuti ikubwerera kwawo. Atazindikira kuti walakwitsa anawatsatira pa kangolo ka panjanji. Koma mtsikana sankadziwa zimenezo. Sitima itaima m'chipululu anatuluka pa bowo la pansi, galu pambuyo, n'kuthawa motsatira njanji mpaka pa mlatho wautali wopanda poponda m'mbali. Ali pakati pa mlathowo njanji inayamba kunjenjemera pansi pa mapazi ake. Kutsogolo kunali utsi. Kumbuyo wa chipewa chofiira ankafuula, akukupiza manja.

"Mwana iwe, bweretsa," anatero bambo wa jekete uja.

Kamvulu anadzutsa mutu. Patsogolo pake panaima mayi wovala bwino, makiyi a galimoto ali kuchala, kamnyamata konenepa masaya kakuloza bukulo.

"Bambo, patsala pang'ono. Masamba ochepa okha."

"Akufuna limenelo."

"Pali ena ambiri apa! Mayi, chonde, dikirani pang'ono pokha."

Mayiyo anamwetulira mosamvetsa, n'kuyang'ana wotchi. Bambo wa jekete anachotsa bukulo m'manja mwa Kamvulu, chala ndi chala, osamuyang'ana kumaso.

"Ndimadyera momwemu, mwana iwe," anatero motsitsa mawu.

Kamvulu anaona buku likulowa m'chikwama, chikwama chikulowa m'galimoto, galimoto ikulowa m'chigulu cha magalimoto anzake. Anaithamangira mpaka pa mphambano, kenako anaima. Anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kwawo, milomo ikugwedera, akubwereza za mlonda, za mgodi, za kangolo, kuopa kuti zingatayike m'njira. Wanjinga wina anamutukwana, iye osamva.

Anafika dzuwa litapendeka. Magetsi anali atazima, ndiye amalume anali pakhomo akukupiza ntchentche ndi thaulo. Kadazi anamuona patali n'kuthamanga kukaitana anthu. Posakhalitsa kachipinda kaja kanadzaza, ena pa benchi, ena pansi, ena pazenera. Amake Kadazi anasiyira makala mnansi wawo n'kudzakhala pampando wa m'basi uja ngati odzameta.

Kamvulu sakanatha kufotokoza ataima malo amodzi. Anakhala mtsikana wogwada mu mdima, anakhala galu wonunkhiza, anakhala wa chipewa chofiira akupalasa kangolo, thaulo la amalume lili pamutu. Pa nkhani ya mlonda womwalira mtsikana wa mwana kumsana uja anapukuta m'maso. Atanena kuti wa chipewa chofiira anali mnzawo wa bambo ake, amake Kadazi anamenya pa ntchafu.

"Ndinanena ine! Sindinanene? Munthu woipa sagula malalanje!"

"Munati ndi mfiti," anatero Kadazi.

"Khala chete, ukusokoneza."

Anafika pa mlatho. Njanji ikunjenjemera, utsi kutsogolo. Kamvulu anayang'ana nkhope zonsezo, pakamwa pali pululu, ndipo anaona kuti sangathe kuwauza kuti basi.

"Ndiye... anamunyamula galu uja, n'kudumphira mumtsinje. Phava! Mkono n'kumenya pamwala. Wa chipewa chofiira n'kusambira kukawavuula."

Ana anawomba m'manja. Koma amake Kadazi anapendeketsa mutu.

"Mtsinje? M'chipululu?"

"Unalipo. Waung'ono."

"Iyayi. Kadazi, tabweretsa cha m'chipatala chija."

Kadazi anatulutsa kamtolo m'malaya, anachotsa chopanira, anayendetsa chala mpaka kupeza malowo, n'kuwerenga mwapang'onopang'ono pamene adokotala ankauza nesi kuti asinthe nsalu pa mkono wakupsa.

"Wakupsa," anabwereza amake Kadazi. "Madzi amawotcha kuyambira liti?"

Kamvulu anachotsa thaulo pamutu. Anawauza za mayi wa makiyi ndi kamnyamata ka masaya. Panabuka phokoso. Wina anati akanalanda n'kuthawa, miyendo anali nayo yachiyani. Wina anati akanayamba kuwerenga chakumapeto. Magalasi anati mwina mtsikanayo anagona pakati pa njanji, sitima n'kudutsa pamwamba, khala lamoto n'kumugwera. Mnyamata wamkulu uja anati ayi, anakwera pa injini n'kugwira chitsulo chotentha. Amalume, amene onse ankayesa kuti sakumvetsera, anati nonsenu simudziwa sitima. Wa chipewa chofiira anayatsa malaya ake kuti oyendetsa aone moto aime, ndiye mtsikana anapsa pomuzimitsa. Anakangana mpaka munthu wina wodzameta anasuzumira, n'kubwerera poganiza kuti kwagwa ndewu.

"Ndiye wayenda ulendo wonsewo kukatitengera galu yekha," anatero amake Kadazi potuluka. Anamugwira Kamvulu paphewa, n'kusiyapo zala zakuda pa bulauzi. "Komabe galuyo tamudziwa. Wafotokoza bwino. Bodza lokhalo usadzayambirenso, sulitha."

Loweruka lotsatira anapitanso, ulendo uno ndi Magalasi ndi Kadazi, poganiza kuti mwina bambo aja akudziwa kumene mayiyo amakhala. Pakhonde la positi ofesi panali posesedwa, popanda wogulitsa ndi mmodzi yemwe. Wopolisha nsapato anawalozera ku depoti ya mabasi. Anazungulira pakati pa mabasi, utsi ndi oitanira, Kadazi atagwira malaya a Magalasi, mpaka anaona jekete lija pansi pa chikwangwani.

Bambo aja anati mayiyo sakumudziwa. Za pa mlatho nazonso sankazidziwa.

"Ine ndimagulitsa, sindiwerenga," anatero. "Maso anatha." Anawayang'ana atatuwo, nsapato zawo zafumbi, mutu wa Kadazi ukunyezimira thukuta. Kenako anakoka katoni ina kuseri kwake n'kuikankha ndi phazi. "Awa alibe zikuto. Palibe amawagula, ndipo pothawa amandilemera. Chotsani apa ndisanasinthe maganizo."

Katoniyo inali yofewa pansi, yosanyamulika. Anagawana mabukuwo, ena m'malaya, ena kukhwapa, ena pamutu. Njira yonse Magalasi ankatsalira chifukwa anali atatsegula limodzi, Kadazi ankagwetsa ake pa ngodya iliyonse, ndipo Kamvulu ankapita kutsogolo n'kubwerera kudzawafulumizitsa, moti ulendowo anauyenda ngati kawiri.

Amalume anawaona akubwera n'kuima pakhomo, manja atatambasula.

"Ayi. Muno ayi. Ndizimetera pamutu pa mabuku?"

"Ndiye tiwaike kuti, amalume?"

"Ndikudziwa ine?" Anakanda chibwano ndi chipeso. "Mkulu wotchaja mafoni wa kumtunda uja anabwera m'mawa. Akuti anthu amangokhala pabenchi pake kudikira mabatire, bwanji osamugawirako mabuku. Ndiye kuli anamwino a pa kachipatala ka kuseri kwa msika, akuti amayi a sikelo amakhala tsiku lonse. Ine ndawauza kuti si ine mwini wake."

Kamvulu anatsitsa mabuku ake pakhomo pomwepo.

"Kumtunda kwake kuti? Pafupi ndi chigayo?"

"Imwa kaye madzi, mwana iwe."

"Magalasi, sankha a zithunzi ukhale nawo pambali, amenewo ndi a kusikelo. Kadazi, tiye ukandionetse."

"Miyendo ikundiwawa," anatero Kadazi, atakhala kale pansi.

"Ungondilozera pokhotera basi. Dzuka."